Mtengo wokolekamo ma mitten wa kutchalitchi kuno ku Lansing, ndaupatsa nyenyezi 4 pa 5

Ndakhala ndikuzengereza kulemba izi chifukwa kunena zoona kuvomera kuti unatolapo chinthu cha anthu ovutika uli ku America sizophweka, kumudzi akamva angaseke mpaka nthiti kuwawa, eti munthu anakwera ndege kukaphunzira nde akathyole magolovesi mumtengo ngati mango? Koma sabata yatha mtsikana wina wakwathu amene wangofika kumene kuno ku Michigan anandifunsa kuti asisi nanga kukayamba kuzizira m'manjamu ndivale chani, ndinapezeka ndamutumizira mavoice note seveni pa WhatsApp mpaka mwana wa eni kungoti mwamveka asisi kkkk, nde ndati bola ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere yekha.

Poyamba kwa amene simukuidziwa mitten. Si golovesi ya zala zisanu ija timaidziwa ife. Iyi ili ngati kathumba, kapena tingoti sokosi ya m'manja, zala zinayi zimalowa malo amodzi, chala chachikulu chokha ndi chimene chili ndi kanyumba kake pambali. Poiona koyamba ndinaiderera, ndinati izi ndi za makanda. Ndiye pali mwambo wake kuno, holide ya Thanksgiving ikangodutsa kumapeto kwa November matchalitchi ambiri, malaibulale, masukulu ngakhale mabanki ena amaimika mtengo wonga wa Khirisimasi uja, koma mmalo mokolekamo timipira tonyezimira anthu amakolekamo ma mitten, zipewa ndi masikafu, zina zogula zina zoluka okha. Amautcha mitten tree. Malo ena Khirisimasi ikayandikira amathyola zonse nkukapereka ku masukulu a ana ndi ku nyumba zogonamo anthu osowa pokhala, malo ena amangousiya kuti amene wazizidwa adzitengere yekha. Wa kutchalitchi chimene ndimapemphera ine ndi wa mtundu wachiwiriwu ndipo ndi umene ndikuupatsa mamakisi lero.

Ndinafika kuno mu August 2018, kukutentha ngati ku Salima, anthu atavala timakabudula. Aliyense ankandichenjeza za kuzizira ine nkumayankha monyada kuti inu ine ndine wa ku Dedza, June wa kwathu simukumudziwa, timadzuka chifunga chili tolo, madzi a mundowa akuluma mano, timagona mbaula ili pafupi. Mxii. Dedza ndi mwana abale. Kuzizira kwa kwathu dzuwa likangotuluka cha m'ma 9 umavula juzi, kuno dzuwa limatuluka lowala bwinobwino koma lili ngati babu ya mufiriji, limangowala basi. November atafika ndinalowa mu shopu ina ya zinthu zotchipa nkugula timagolovesi takuda totanuka tija, tamadola awiri, ndinaona ngati ndathana nazo. Tsiku lina m'mawa ndikudikira basi ya mumzinda ya CATA mphindi ngati 15, mphepo ikuchita kudutsa mu timagolovesito ngati mulibe kanthu, zala zinayamba kuwawa kenako zinasiya kuwawa, ndipo pano ndikudziwa kuti kusiya kuwawako ndiye koopsa. Madzulo pobwerera kiyi anandikanika kulowetsa pachitseko, zala zili gwa ngati za munthu wina, ndinachita kugwira ndi manja onse awiri ngati mwana. Nditalowa ndinathamangira kusinki nkutsegula madzi otentha, eeeh musadzayerekeze, ndinalira mokuwa ndili ndekha m'nyumba. Anadzandiuza pambuyo pake kuti madzi ake azikhala ofunda chabe ongofanana ndi thupi, ndipo osatikita zala zikafika pamenepo chifukwa umavulaza khungu osadziwa.

Mtengowo ndinauona koyamba Lamulungu loyamba la December. Unali pakhonde la mkati, paja pamakhala pakati pa zitseko ziwiri popukutira nsapato, ndipo panali kapepala kolembedwa ndi pamanja kuti ngati ukufuna tenga, ngati uli nazo siya. Basi. Popanda buku lolembamo dzina, popanda munthu woyang'anira, popanda foni yojambula. Ndinaudutsa ma Sande atatu. Mtima unkati ine si wopempha, ndili pa scholarship, izi ndi za anthu ogona panja. Koma scholarship yake ukalipira lendi, kugula jekete ndi nsapato za chipale chofewa, kutumizako kangachepe kwa amayi kuti agule feteleza poti December ndi nthawi yake, imatsala ndi ya mpunga ndi mazira. Ma mitten abwino ndinkawaona ku sitolo yaikulu ya Meijer ndi m'mashopu a zamasewera, ndikayang'ana mtengo nkuwerengera m'makwacha ndinkangowabwezera pomwepo mwaulemu. Matenda owerengera chilichonse m'makwacha aja, amene munakhalapo kunja mukuwadziwa.

Sande yachitatuyo agogo ena amene ankakhala benchi ya kutsogolo kwanga anandigwira dzanja nthawi yopatsana mtendere, nkuligwirabe, osalisiya, akuyang'ana zala zanga zothetheka zija. Sananene kanthu. Potuluka ndinawapeza ayima pafupi ndi mtengo akumanga sikafu, anangondiuza kuti awo a phulusa ali mmunsiwo ndi a ubweya weniweni, kenako nkutembenuka kuyang'ana panja ngati akufunafuna galimoto yawo. Ndinathyola msangamsanga nkuponya mu chikwama ngati ndaba. Mpaka lero sindinawafunse ngati analuka ndi iwo, ndipo iwo sanandifunsepo ngati ndinatenga, ngakhale Sande yotsatira ndinabwera nditavala.

Tsopano katundu wake. Ndi a mtundu wa phulusa, mzere umodzi wofiira pa mkono, oluka pamanja ndi ulusi wa ubweya wa nkhosa wokhuthala, mkati anasokereramo nsalu ya fleece yofewa. Polowera dzanja ndi patali ndithu, pamafika mkati mwa mkono wa jekete moti palibe kampata koti mphepo ilowere, ndipo ichi ndi chinthu chimene anthu samachiyang'ana pogula koma ndi pomwe pagona nkhani, pamkono pakangotseguka olo mitten ikhale ya mtengo wanji uzizidwa basi. Anamangirirapo ndi kaulusi kapepala kakang'ono kakuti chapa pamanja ndi madzi ozizira. Kapepala kameneka tikumbukire, tibwererako.

Tsiku loyamba kuvala ndinadabwa. Pa siteji ya basi yomwe ija, mphepo yomwe ija, koma m'manja muli ngati ndapisa mkwapa. Chifukwa chake sichovuta, zala zikakhala pamodzi zimafunditsana, pomwe mu golovesi chala chilichonse chili chokhachokha ndipo mphepo imachizungulira mbali zonse. Ngati mmene tinkagonera ana anayi bulangete limodzi kwa agogo, wa pakati ankachita kutuluka thukuta, wa kumapeto ndiye ankalira. Mu mitten wa kumapeto ndi chala chachikulu, chimazizidwabe chifukwa chili chokha, nde kukavuta kwambiri umachitulutsa mukanyumba kake nkukunga chibakera mkati momwemo. Chinanso ubweya wa nkhosa umafundabe ngakhale utanyowa pang'ono, pomwe thonje likanyowa limakuziziritsa kuposa kukhala osavala. Ine wobadwira dziko lolima thonje zinandipweteka kumva koma ndi zoona.

Mayeso enieni anabwera kumapeto kwa January 2019, nthawi ya polar vortex ija, mphepo ya ku Arctic itatsikira kuno. Governor Gretchen Whitmer, amene anali atangolowa kumene pampando mwezi womwewo, analengeza kuti boma lili pa ngozi, Michigan State University inaimitsa makalasi pa 30 January zomwe sizichitikachitika, ngakhale a positi anasiya kuyenda ndi makalata madera ena, ndipo mafoni athu analira uthenga wotipempha kuti titsitse zotenthetsera m'nyumba kuti gasi akwanire onse. A zanyengo kuno amati kuzizira pamodzi ndi mphepo kukafika cha m'ma -28 pa Celsius khungu losaphimba limatha kuuma mu mphindi 30 zokha, ndipo masiku awo tinapitirira pamenepo. Ine mwa uchitsiru wanga ndinali nditaiwala kugula mayunitsi a chakudya, ndikutanthauza m'nyumba munalibe olo buledi, nde ndinatuluka kupita pa kashopu ka pa filling station, mphindi teni kupita teni kubwera. Mamina anauma m'mphuno, nsidze zinachita tizipale toyera, ntchafu zinachita dzanzi mkati mwa mathalauzi awiri, koma manja anabwera amoyo. Chala chachikulu chokha ndi chimene chinadandaula. Pamenepo ndi pomwe ndinasiya kuwaona ngati za makanda.

Pajatu Michigan yeniyeniyo pa mapu imaoneka ngati mitten, chigawo cha kumunsichi, mpaka dera lina kummawa amalitcha The Thumb kutanthauza chala chachikulu. Ukafunsa munthu wa kuno kuti kwanu nkuti sakuyankha ndi pakamwa pokha, amatukula dzanja nkuloza pachikhatho, Detroit cha kumunsi kufupi ndi tsinde la chala chachikulu, Lansing chapakati chakumunsi, Grand Rapids kumbali inayo kufupi ndi Lake Michigan komwe chipale chofewa chimagwa chambiri chifukwa cha nyanjayo. Tsiku lina nanenso anandifunsa kuti nanga iwe loza kwanu, ndinatambasula mkono wonse poti Malawi ndi wautali, Karonga kuzala, Nsanje kuphewa, Dedza penapake cha pa chigongono, anaseka mpaka misozi.

Tsopano chifukwa chimene nyenyezi imodzi ndaichotsa, ndipo apa ndilankhula mosapsatira chifukwa chinthu chaulere nachonso chimayenera kuuzidwa zoona.

Chachikulu chimene chimandinyansa ndi nthawi. Mtengo umaimikidwa December, Khirisimasi ikangotha sabata yoyamba ya January umachotsedwa pamodzi ndi zokongoletsa zina zonse, nkukasungidwa ku chipinda cha pansi. Koma abale kuzizira kwenikweni kuno ndi January ndi February, ndipo chipale chimatha kugwa mpaka April. Ndiye nthawi imene ana ataya kale mitten imodzi pa basi ya sukulu, nthawi imene ma students atsopano a semesita ya January akutsika ndege atavala jekete ya ku Lilongwe, pakhonde paja pamakhala pali mbee, patsala chopukutira nsapato chokha. Zili ngati kugawa maambulera mu October nkutseka sitolo mvula ikayamba. Ndinakanena kwa amayi ena a komiti, anandimvetsera bwino, chaka chotsatira anasiya kabasiketi ka ma mitten pansi mpaka February, koma chaka china komiti itasintha kabasiketi kanasowanso. Zimadalira amene ali pampando chaka chimenecho.

China ndi masayizi. Oluka ambiri amakonda kuluka ta ana, timakongola, timatha msanga, ulusi wochepa, nde mtengo umadzaza ndi tofiira tapinki tokhala ndi timaluwa, pomwe bambo wa manja akuluakulu amene amagwira ntchito panja kapena amagona panja akabwera sapeza chomukwana. Mnyamata wina wa ku Zambia amene tinkaphunzira naye ndinamutengera kumeneko, anayesa atatu onse akuthera pakati pa chikhatho, anangotenga chipewa nkumapita. Ndipo si onse ali pamtengopo amene ndi abwino ngati anga, ena ndi a ulusi wa acrylic woluka motayana, ukawayang'anitsa pa kuwala umaona timabowo, amenewo mphepo imangodutsa, ndi okongoletsa chithunzi basi. Palinso anthu amene amagula paketi ya timagolovesi totanuka tomwe tinandiliza tija nkukoleka teni, mtengo nkuoneka wodzaza. Sindikuwanyoza, apereka zomwe akwanitsa, ndipo timathandiza ukativala mkati mwa mitten, koma patokha ayi. Nde ukafika pamtengo usathamangire mtundu, pisa dzanja, ona ngati muli nsalu mkati, koka pamkono uone ngati pakugwira.

Zovuta za mitten payokha ndi zodziwika, foni sungaigwire, munthu akaimba umachita kuvula ndi mano, khadi ya basi kuitulutsa mu chikwama ndi nkhondo, zipi ya jekete ndiye iwalani. Ine ndinazolowera kuyankha foni ndi mphuno, musaseke zimatheka. Ndipo oluka pamanjawa amatchinga madzi pang'ono pokha, ukamachotsa chipale pa galimoto kapena pakhomo ndi fosholo amanyowa ndithu, pa ntchito imeneyo pamafunika aja a kunja kwa nayiloni. Amenewo ndinadzawapeza pa kaunjika wa kuno, Goodwill ndi Salvation Army ndi kaunjika basi kungoti ali m'nyumba ndipo palibe wokuwa kuti yatsika yatsika. Ena amaikamo timapaketi tofunditsa tija, muli ufa wa chitsulo umene ukakumana ndi mpweya umatentha kwa maola angapo, ndi tabwino koma kugula tsiku ndi tsiku ndi ndalama.

Koma chimene chinandipangitsa kuti nyenyezi zikhale 4 osati 3 si ubweya ayi, ndi kusayang'aniridwa kuja. Ndinapitako malo ena kumene ankagawa majekete, bungwe lake sinditchula, anthu abwinobwino, koma unkayamba wadzaza fomu, dzina, adiresi, mumapeza zingati pamwezi, muli angati pakhomo, kenako mtsikana wina ndi kamera kufunsa ngati angakujambule ukumwetulira ndi jekete. Ndinabwerera pakhomo. Zinandikumbutsa kwathu June akafika, mabulangete 50 kubwera pa lole, agogo kukhala padzuwa kuyambira m'mawa kudikira alendo olemekezeka, amayi kuvina kaye, zolankhula zinayi, kenako aliyense kugwira bulangete m'mwamba kuti chithunzi chituluke bwino. Bulangete limafunda ndithu sindikukana, koma umakhala walilipira. Pamtengo paja ine sindinalipire kanthu, olo zikomo panalibe womuuza, ndipo zimenezo poyamba zinkandisowetsa mtendere chifukwa ife tinaleredwa kuti ukalandira umagwada nkuwomba m'manja. Ndinawomba m'manja ndili ndekha kuchipinda, ma mitten ali m'manja momwemo, phokoso lake bu bu bu.

Mu January 2021 pa mwambo wolumbiritsa Joe Biden, chithunzi cha Bernie Sanders, wandale wa ku Vermont, atakhala pampando yekha atapinda manja ndi ma mitten abulauni chija chitafalikira dziko lonse, azibale anga kumudzi ananditumizira kambirimbiri kuti taonani agogo awa avala ngati zanu zija. Anawasokera ndi mphunzitsi wina wa ku Vermont, Jen Ellis, kuchokera ku majuzi akale a ubweya, mkati nkuikamo fleece yopangidwa ku mabotolo apulasitiki, ndipo malaya ndi majuzi okhala ndi chithunzicho atagulitsidwa anapeza madola 1.8 miliyoni omwe anapita ku mabungwe othandiza anthu ku Vermont monga Meals on Wheels. Chimene ine ndinatolapo pa nkhani yonseyo ndi nzeru ya juzi yakale, chifukwa kuluka chala chachikulu kunkandikanika. Amayi anandiphunzitsa kuluka zipewa za makanda ndi nsalu za pa tebulo ndili Standard 6, koma mitten yanga yoyamba chala chinatulukira pamalo olakwika ngati nyanga ya mbuzi, yachiwiri inali yaikulu ngati ya wophika buledi. Pano ndimangogula juzi ya ubweya pa kaunjika, kuichapa ndi madzi otentha dala kuti ifinyike nkulimba, kujambula dzanja la munthu wamkulu pa katoni, kudula nkusoka. Juzi imodzi imatulutsa mapeya awiri, nthawi zina atatu, ndipo ndimapanga akuluakulu okhaokha a abambo, amtundu wosaoneka bwino, akuda ndi abulauni. Amatha tsiku lomwelo.

Kwa iwe mng'ono wanga wangofika kumene ndi ena onse, pita sabata yoyamba ya December mtengo usanasankhidwe, yang'ana nthambi za mmunsi ndi za kumbuyo poti akuluakulu amabisala kumeneko, ndipo laibulale ya mumzinda nayonso uziyang'anako sikuti mpaka ukhale wa mpingo. Zikavuta kwambiri monga chotenthetsera kufa usiku, kuno ukaimba 211 amakuuza malo ofundirako amene ali pafupi nawe.

Za kapepala kaja. Ma mitten anga a phulusa anandisunga nyengo zozizira zinayi osabooka, ndinangosokapo kamodzi pa chala chachikulu cha kumanja. Chaka chachisanu ndinawaiwala mthumba la jekete, jekete nkulowa mu mashini ochapira pa madzi otentha, kenako mu dryer ola lathunthu. Anatuluka olimba gwa ngati chipewa cha asilikali, aang'ono oti zala zanga zitatu zokha ndi zimene zimalowa. Ndinakhala pansi mu laundry muja anthu akundiyang'ana. Pano akuvala ndi mwana wa neba wanga wa zaka sikisi, amayi ake anawalumikiza ndi chingwe chodutsa m'mikono ya jekete kuti asataye, ndipo akuti pa sukulu yonse palibe wina amene manja ake amabwera ouma akamaliza kusewera ndi chipale. Agogo aja anawaona Sande ina mwanayo atabwera nafe, anayang'ana mzere wofiira uja, anandiyang'ana ine, nkufunsa kuti dryer eti? Ndinati eya agogo, dryer.